MBALA YOSATHYOLA CITSEKO YAFIKA KU RUFUNSA

Munthu woyenda pa mseu waukulu wa Great East kucokera ku Lusaka, akapitirira Chongwe ndi kufika pa akasupe a madzi otentha a Chinyunyu, ndiye kuti waponda nthaka ya boma la Rufunsa. Kuyambira pamenepo mseu ukwera ndi kutsika mapiri kulinga ku mlatho wa Luangwa, ndipo m'mphepete mwace muli matumba a makala, milu ya tomato, ndi tinyumba tating'ono topakidwa utoto wofiira kapena wacikasu. M'tinyumba timeneti ndimo anthu atumiza ndi kutapa ndalama za pa lamya ya m'manja. Zaka 20 zapitazo panalibe ndi kamodzi komwe. Lero ndimo mudzera ndalama za cimanga ca mlimi, za mphunzitsi wa kumudzi, ndi thandizo limene mwana wa ku Lusaka atumizira amai ace pa kutha kwa mwezi.

Boma la Rufunsa ndi laling'ono m'zaka koma lalikulu m'malo. Linapatulidwa ku Chongwe m'nthawi ya malemu President Michael Sata, ndipo midzi yace, ya m'maiko a mafumu Mpanshya, Shikabeta ndi Bunda Bunda, ili patalipatali, ina kuseri kwa mapiri kumene galimoto ifika mobvutikira m'nyengo ya dzinja. Kwa munthu wokhala kumeneko, kupita ku ofesi kukafunsa kanthu kamodzi ndi ulendo wa tsiku lathunthu, kuonjezapo ndalama za basi. Lamya inafupikitsa mtunda umenewo, ndipo anthu anailandira ndi manja awiri. Tsoka lace nlakuti njira imene yafupikira mwini mudzi yafupikiranso mbala.

Mbala imeneyi siibwera usiku, siithyola citseko, ndipo agalu saiuwa. Iimba lamya masana dzuwa likuswa mtengo, ipereka moni waulemu, ifunsa za moyo wa pakhomo, kenaka idzichula udindo: kalaliki wa ku Unduna wa Zamalimidwe, wanchito wa kampani ya lamya, nesi wa ku cipatala, kapena wapolisi. Akatswiri oteteza makompyuta ndi zinsinsi za anthu ali nalo dzina la macitidwe amenewa m'Cingerezi, ati pretexting. M'Cinyanja mau ace analipo kale makompyuta asanabwere: conamizira. Ndiko kupeka nkhani ndi kubvala udindo wa eni ace, kuti munthu apereke yekha ndi manja ace cimene akanakana kupereka atafunsidwa poyera. Lamya siionongeka, makina a kampani sathyoledwa. Cothyoledwa ndi munthu. Ngakhale Kalulu wa m'nthano sanakoke cingwe ndi Njobvu kapena ndi Mvuu. Iye anangouza aliyense nkhani yace, zimphona ndi kumakokana zokha.

KAIMBIDWE KACE

Kaimbidwe ka anthu amenewa kali ndi njira yace, ndipo amene anaimbiridwapo aikumbukira bwino. Mwa fanizo, mlimi ali m'munda m'mwezi wa October, kumwamba kwayamba kucita mitambo, ndipo fataleza sanalandire. Lamya ilira.

"Kodi ndilankhula ndi atate Auje, a m'kabungwe ka alimi kakuti?"

"Inde, ndine amene."

"Zikomo atate. Kuno ndi ku likulu, ku ofesi ya fataleza. Dzina lanu lilipo pa ndandanda, koma kompyuta yalikana cifukwa nambala ya reji yanu siigwirizana ndi ya lamya. Tikapanda kukonza lero ofesi isanatsekedwe, malo anu apatsidwa kwa wina. Musabvutike kubwera kuno, ndikuthandizani pompano. Pabwera uthenga pa lamya yanu, mundiwerengere manambala ali m'menemo."

Manambala amenewo ndiwo makiyi. Nthawi zina ndi nambala imene kampani kapena banki itumiza kwa mwini akaunti yekha kuti atsimikize kuti ndiye afuna kucotsa ndalama, nthawi zina woimbayo atsogolera mlimi kudinda manambala akuti ndi akuti, potsiriza ndi kumuuza kuti aike nambala yace yacinsinsi, ija anthu aichula kuti pini, "kuti dzina likhazikike." Pamene mlimi athokoza bwana wacifundo uja, ndalama zace zili kale paulendo.

Coyenera kuonetsetsa m'kukambirana kumeneku ndi cakuti bodza lilimo lapang'ono kwambiri. Dzina ndi loona, kabungwe ndi koona, ndipo pulogramu ya fataleza ndi yoona. Boma linayamba kuthandiza alimi ang'onoang'ono ndi fataleza ndi mbeu zotsika mtengo mu 2002, ndipo pulogramu imeneyi, imene tsopano ichedwa FISP, ifikira alimi oposa 1 miliyoni. Kuyambira mu 2015 njira ya e-voucher inayamba kulowa m'maboma ena, ndipo pang'onopang'ono alimi anazolowera kuti akalipira gawo lao, lomwe kwa zaka zambiri lakhala K400, uthenga ufika pa lamya ndithu. Cotero mlimi akamva kuti ofesi ya fataleza ili ndi naye mau pa lamya, sadabwa. Wonamizira amanga nyumba yace ndi njerwa zoona. Bodza ndi dothi lomatira cabe. Pamwamba pace aikapo mantha a kutaya malo ndi cangu ca "lero lomwe," kuti munthu asapeze mpata wofunsa mnzace.

Pali cinanso cimene mbala idalira, ndipo cimeneci ncomvetsa cisoni pakuti ndi khalidwe labwino. Mwana wa kwa Asoli, ngati mwana wa kwa Acewa kapena Ansenga, aleredwa kuti asabweze mau kwa wamkulu. Kufunsa munthu wa Boma kuti "ndinu yani, nanga ndidziwa bwanji kuti ndinudi?" kumveka ngati mwano. Kale mwambo umenewu sunali woopsa kwenikweni, pakuti uthenga wa Boma unali ndi miyendo. Unabwera ndi mesenjala wobvala yunifomu, amene anayamba wafika kwa nyakwawa, nyakwawa ndi kuitana mudzi wonse pabwalo. Wonama akanagwidwa asanamalize moni. Mau a pa lamya alibe yunifomu, sadzera kwa nyakwawa, ndipo apeza munthu ali yekha. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti mlendo angathe kuthandiza. Iwo sanaiwale kuti kalumo kacekanso.

Nkhope zina za mbala imeneyi nzodziwika m'dziko lonse. Pali uthenga uja ungofika kuti ndalama zija zitumizidwe pa nambala iyi, dzina liturukapo lakuti. Utumizidwa kwa anthu zikwi, poyembekeza kuti mmodzi mwa iwo analidi pafupi kutumiza ndalama kwa mbale wace. Pali uthenga wonama wakuti munthu walandira ndalama, wotsatidwa ndi mai wolira misozi kuti walakwitsa nambala, zinali za maliro, conde zibwezedwe; wacifundo abweza osayang'ana kuti m'akaunti mwace simunalowe kanthu. Pali wolonjeza nchito. Pamene Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, linacenjeza kuti nchito ya Boma siigulidwa, koma kholo limene linagulitsa mbuzi kuti mwana aphunzire sicapafupi kulikhazika mtima pansi pamene wina ati dzina la mwanayo lingalowe pa ndandanda ndi kandalama kocepa.

Yowawa kopambana ndi ya ngozi. Aliyense wa ku Rufunsa adziwa kuti mseu wa Great East uli ndi mapiri ndi makona oopsa, ndiponso kuti obvulala ambiri athamangitsidwira ku cipatala ca mishoni ca St Luke ku Mpanshya. Wonamizira safunika kudziwa zambiri. Angochula ngozi, achula cipatala, achula dzina la mwana, ndi kunena kuti pafunika ndalama za mankhwala tsopano lino. Mai amene wamva zimenezi saganizanso zoyamba waimbira mwana wace, amene mwina ali gone pamphasa, wamoyo ndi wathanzi.

NJERWA ZICOKERA KUTI?

Funso limene lisowa wolifunsa ndi ili: kodi munthu wokhala ku Lusaka kapena ku Copperbelt wadziwa bwanji dzina la mlimi wa kwa Shikabeta, kabungwe kace, ndi dzina la mwana wace? Sanaombeze ula. Zinthu zimenezi azitola pamene eni ace ndi osunga mapepala azitaya.

Ndandanda ya olandira thandizo ikhomedwa pacipupa ca sukulu kapena ca ofesi, maina pamodzi ndi manambala a reji, nthawi zina ndi a lamya omwe, ndipo aliyense wodutsa angathe kuijambula. Makope a reji aunjikana m'makatoni a tumabungwe ndi m'mashopu ojambula mapepala. Pa kanyumba kotumizira ndalama pali buku limene lilembedwa dzina, nambala ndi kuculuka kwa ndalama, ndipo ligonekedwa cotsegula pamaso pa wobwera pambuyo. Wina afuula nambala yace kwa wotumiza anthu onse ali kumva. Uthenga wa maliro uikidwa pa Facebook ndi nambala ya wosonkhetsa cipepeso. Magulu a WhatsApp a chalichi ndi a alimi aloleza munthu amene palibe amdziwa. Nkhalamba yosatha kuwerenga ipereka lamya ndi pini yomwe kwa mnyamata wa pa kanyumba, pakuti ilibe njira ina. Cinthu ciliconse mwa izi ncocepa pacokha. Zikasonkhanitsidwa, mlendo alankhula ngati wa pabanja.

Nthawi zina kutola kumeneku ndiko conamizira coyamba. Woimba safuna ndalama iai. Ati ali kungokonza kaundula, napempha dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala ya reji. Munthu aona kuti sanataye kanthu. Patapita masabata, wina aimba ndi zonse zija m'manja, kapena apita nazo kwa wogulitsa makadi a SIM, nadzichula kuti ndiye mwini nambala, lamya yace yatayika, ampatse kadi ina. Zikatheka, lamya ya mwini wace ingozima mwadzidzidzi, ndipo mauthenga onse a ndalama ayamba kupita kwa mbala. Apa wonamizidwa sali mlimi, koma wanchito wa kampani amene sanafunsitse.

Caka ca njala ndico cikondweretsa anthu otere. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera m'minda. Boma linaonjezera thandizo la ndalama kwa mabanja osauka, linayambitsanso nchito zolipidwa m'midzi, ndipo maina ambiri atsopano analembedwa m'makaundula. Kulemba kumeneku kunali koyenera ndi kopulumutsa moyo. Koma pamene mudzi wonse uyembekeza kulembedwa, aliyense wonyamula buku ndi colembera aoneka ngati wa Boma, ndipo munthu wanjala safunsa citupa ca womlemba.

ZA KU ROMA

Amene aganiza kuti onamizira ndi anyamata osowa cocita okhala pansi pa mtengo, aone zimene zinapezeka mu April 2024 ku Roma, malo a anthu olemera mu Lusaka. Bungwe la Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi ndi a Immigration, linazinga nyumba ya kampani yochedwa Golden Top Support Services ndi kugwira anthu 77. M'nyumbamo munapezeka makadi a SIM oposa 13,000, makina 11 ocititsa kuti lamya yocokera kunja ioneke ngati ya m'dziko momwe muno, mfuti 2 ndi zipolopolo. Ambiri mwa ogwidwa anali acinyamata a m'Zambia a zaka 20 mpaka 25, amene analembedwa nchito yooneka ngati ya ofesi. Nchito yao inali kuceza ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mau olembedwa kale, monga ocita sewero atsatira pepala lao. Obedwa anali a m'maiko a mu Africa, ndiponso a kutali monga Singapore, Peru ndi United Arab Emirates.

Mu June caka comweco bwalo la milandu la Lusaka linagamula kuti nzika 22 za dziko la China, zimene zinabvomera milandu yao, zikhale m'ndende zaka za pakati pa 7 ndi 11, kuonjezapo faindi. Munthu mmodzi wa ku Cameroon analangidwa nao pamodzi. Mlandu umenewu unaonetsa poyera kuti conamizira casanduka nchito yokhala ndi akapitao, malipiro ndi maphunziro. Mau aulemu aja mlimi awamva m'munda sanabadwe tsiku lomwelo. Anayesedwa pa anthu ambiri, osagwira nchito anacotsedwa, ogwira anatsala. Mlimi aimva nkhaniyo koyamba, pamene woimba mwina aikamba kacikwi.

Cifukwa cace sikuyenera kunena kuti obedwa ndi mbuli. Mu July 2020 anyamata ena anaimbira lamya anchito a kampani ya Twitter ku America, imene tsopano ichedwa X, nadzichula kuti ndi anzao a ku cipinda cokonza makompyuta. Anchito ena, anthu ophunzira bwino za makina amenewa, anapereka makiyi ao. Tsiku la 15 July masamba a anthu ochuka monga Barack Obama, Joe Biden ndi Elon Musk analemba uthenga wonama wolonjeza kubweza kawiri ndalama iliyonse yotumizidwa, ndipo ndalama zoposa madola 100,000 zinapita. Wotsogolera ciwembuco anali mnyamata wa zaka 17 wa ku Florida. Kuciyambi kwa 2024 wanchito wa kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atakhala pa msonkhano wa pa kanema ndi akuluakulu a kampani yace, osadziwa kuti nkhope ndi mau ao zinali zopangidwa ndi kompyuta. Ngati makina atha kuyerekeza mau a bwana wa kampani, a mwana wolira kuti "amama, ndabvulala" sangawakanike.

MALAMULO ALIPO

Kutenga cinthu ca munthu mwa kunamizira ndi mlandu wakale m'dziko lino. Gawo 309 la Penal Code lipereka cilango ca zaka 3 m'ndende. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la milandu ya pa makompyuta, ndipo mu April 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Mu 2021 momwemo munabwera Data Protection Act, limene lilamula aliyense wosunga maina ndi manambala a anthu kuti awasunge mosamala ndi kuwagwiritsa nchito pa cifukwa cokhaco anawatengera. Lamulo limeneli silili la mabanki okha. Mzimu wace ukhudza ndi katoni ya makope a reji ili pakona pa ofesi ya kabungwe.

Bungwe loyang'anira za malamya, la ZICTA, pamodzi ndi makampani a Airtel, MTN ndi Zamtel, akhala akubwereza mau amodzimodzi: palibe wanchito wa kampani, wa banki kapena wa Boma amene afunika pini ya munthu, ngakhale manambala obwera pa uthenga. Wopempha zimenezi wadziulula yekha. Munthu wolandira lamya yokaikitsa ali nao ufulu woidula, ndi kukafunsa nkhope imene aidziwa: mlangizi wa zaulimi wa m'dera lace, wapampando wa kabungwe, a komiti ya m'mudzi yoona za olandira thandizo, kapena mwana yemweyo amene ati wabvulala. Wanchito woona sakwiya akauzidwa kuti adikire. Wokwiya ndi wokakamiza ndi amene ali ndi cobisa. Nambala yonamiza ingathe kunenezedwa kwa ZICTA mwa kudinda *707#, ndipo wobedwa ayenera kuimbira kampani yace nthawi yomweyo, pakuti ndalama zobedwa zidumphitsidwa pa manambala angapo ndi kutapidwa m'mphindi zowerengeka.

Komabe macenjezo amenewa ali ndi cilema cao. Ambiri alembedwa m'Cingerezi ndi kuikidwa pa intaneti, kumene agogo a kuseri kwa mapiri safika. Akanayenda bwino m'Cisoli ndi m'Cinyanja, kudzera pakamwa pa nyakwawa, pa zilengezo za m'chalichi, ndi pa tsiku lolandira fataleza pamene alimi onse ali pamodzi. Ndiponso maofesi ena adzisokonezera okha. Wanchito woona akamaimbira anthu pa nambala yace ya m'thumba ndi kuwafunsa manambala a reji, ngakhale acita ndi mtima wofuna kuwapeputsira ulendo, awazoloweza kuyankha mafunso otere kwa mau osaoneka nkhope. Mawa mbala ikafunsa comweco, mlimi asiyanitsa bwanji?

Manyazi nao athandiza mbala. Bambo amene wabedwa ndalama za cimanga ca caka conse kawirikawiri sauza ngakhale mkazi wace msanga, kuopa kusekedwa pa mowa kuti ananyengedwa ngati mwana. Akhala cete, ndipo nkhani yomweyo ikagwira mnansi wace sabata yotsatira. Mudzi umene useka wobedwa udzitsekera wokha cenjezo.

Pali ngozi ina imene ambiri saiganizira konse. Kuyambira pamene Boma linalamula kuti kadi iliyonse ya SIM ilembedwe m'dzina la mwini wace, mbala siingagwire nchito popanda reji, ndipo siigwiritsa yace. Igwiritsa ya munthu amene analola kujambulidwa ndi mlendo wolonjeza thandizo, kapena amene anagula kadi pamsika, wogulitsa ndi kulembetsa ina yaciwiri m'dzina lomwelo mwini wace osadziwa. Mwa kudinda *101# munthu angathe kuona manambala olembedwa pa reji yace, ndipo nambala yacilendo ikapezekapo, kampani iyenera kuuzidwa kuti iitseke. Nkhalamba yosatha kudinda yokha ifunika mdzukulu wokhulupirika woithandiza. Apolisi akalondola nambala imene inaba, dzina limene alipeza m'kaundula ndi la mwini reji, ndipo pakhomo pace ndi pamene ayamba kugogoda.